Mbuzi Yathunthu, Chipolopolo Chimodzi

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, msewu uwu usanalambulidwe, njati zikadamwa pa dooko limodzi ndi anthu, munali munthu wina dzina lake Zingalume. Dzinali mumalimva tikamatchula makolo, koma mwini wake simumudziwa. Sendera kuno iwe Yotamu, pakuti nkhaniyi ikukukhudza, ngakhale sunadziwe pomwe ikukukhudzira.

Zingalume anali wosula. Makasu ankasula, nkhwangwa ankasula, mipeni ndi mikondo ankasula. Kuseka kokha ndiye sankadziwa. Munthu wake anali wamfupi, wa mapewa otambalala, wamakani ngati chitsa cha mtsanya, ndipo ukampatsa moni ankayankha ndi mphuno. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Nyimbo ya Zingalume inali nyundo yake. Nyundoyo anamusiyira ndi malume ake, malumewo anasiyiridwa ndi malume awo, ndipo palibe munthu ankaloledwa kuigwira, ngakhale mkazi wake. M'mawa ikayamba kulira pa chipala, ngwee, ngwee, ngwee, anthu a kutsidya kwa Linthipe ankadziwa kuti kwacha.

Chimene chinamutchukitsa kwambiri chinali zipolopolo. Mfuti za masiku amenewo zinali zagogodela, zothira wonga kukamwa, n'kutsindira, n'kuponyamo chipolopolo, n'kutsindiranso. Ukawomba kamodzi, wawomba. Kuti uthirenso wonga, munthu akhoza kusenda chinangwa n'kuyamba kudya. Nanga nyama yolusa ingakhale pansi kukudikira?

Tsono mverani mmene ankagwirira ntchito mkuluyu. Ukapita kukagula zipolopolo, mawu ake oyamba anali akuti, "Siya mfuti." Mfuti yako inkagona kwa iye masiku atatu. Ankaisuzumira m'mimba, ankaiyeza kukamwa ndi phula, kenaka n'kuyamba kusula. Akasula zipolopolo, ankazipera pa mwala chimodzichimodzi mpaka zitabulungira ngati nthudza. Chilichonse ankachilowetsa kukamwa kwa mfuti yako. Chikagwedera, ankachiponya m'phale la zokanika. Chikathina, m'phale. Chikaoneka ndi kamng'alu ngakhale kochepa ngati tsitsi, m'phale. Zotsalazo ankaziyeza kulemera pa chikhato, maso atatsinzina, ndipo chopepuka kapena cholemera kuposa zinzake, m'phale momwemo. Wonga wogula kwa amalonda ankauyanika, ankausefa, n'kuuthira m'nyanga yomata ndi phula kuti chinyezi chisalowe.

Mukuganiza kuti akatero watha? Sanathe. Kuseri kwa chipala chake kunali mlambe, womwe uja mumakatolako malambe kumanda akale. Ankajambulapo kabwalo ndi makala, n'kuwerenga mapazi makumi awiri, n'kuyamba kuwombera mlambewo zipolopolo zomwe wavutikira masiku atatu. Pomaliza ankakupatsa zisanu ndi nyanga ya wonga. Mtengo wake, mbuzi.

Mbuzi, ana inu. Mbuzi yamoyo, yoyenda ndi miyendo inayi, kusinthana ndi tizitsulo tisanu tokwana m'dzanja limodzi.

Zingalume anali ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Mwatitha, ndipo amene anadzamukwatira anali mlenje wochokera kutsidya, dzina lake Gwedeza. Ameneyunso ndi kholo lathu, musamuseke kwambiri. Anali wamtali, wamiyendo yopepuka, wamaso akuthwa, koma pakamwa pake panali posatseka. Anabwera pa chikamwini ndi mphasa, mfuti, ndi kambuzi kamodzi kakakazi komwe anamupatsa amayi ake. Anzake anamuchenjeza za ukali wa mkuluyo, iye n'kungoseka, amvekere wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Mumtima ankadziuza kuti tsopano zipolopolo za Zingalume azingotapa ngati mchenga.

Zake zitatha, anapita ku chipala, n'kunjuta chapatali monga achitira mkamwini, n'kuomba m'manja.

"Apongozi, ndabwera ndi pempho. Zipolopolo zandithera."

Zingalume sanatukule mutu. "Siyani mfuti, akamwini. Mubwere pakapita masiku atatu, mutakoka mbuzi."

"Mbuzi, bambo? Ine mwana wanu?"

"Moto wa pachipala sudziwa kuti uyu ndi mkamwini. Makala umadya chimodzimodzi." Apo mkuluyo anaika nyundo pansi n'kumuyang'ana. "Kodi mukuti mukaphe chiyani?"

"Nkhanga, agwape, kaya nguluwe ikapezeka."

"Ngati ndi nkhanga, pitani kwa Kamphinda. Zake zimapha nkhanga bwinobwino. Kutaya mbuzi chifukwa cha nkhanga n'kupusa, ndipo ine sindifuna mkamwini wopusa. Tsiku lomwe mudzafune nyama yodziwa kubwezera, mudzabwere kuno."

Mawu amenewa anali achilungamo, koma Gwedeza anawamva ngati chipongwe. Anadzuka mtima ukuwawa, n'kulunjika kwa Kamphinda.

Kamphinda anali munthu wa kumapeto kwa mudzi, wansangala, wokonda fodya ndi nthabwala. Ndisamunamizire, sanali wakuba. Kungoti iye chilichonse chomwe wadula ankagulitsa. Miyendo ya miphika yachitsulo yosweka, zidutswa za makasu otha, zonse ankazidula tizibenthu, n'kuzigogoda pang'ono kuti nsonga zichepe, basi zatha. Kwa iye kunalibe phale la zokanika, kunalibe mlambe, kunalibe kudikira. Ukampatsa nkhuku imodzi ankakudzazira kathumba, n'kukuthirira wonga mmene unabwerera, n'kukuperekeza ndi nthabwala.

Ndipo zinkapha, musaganize kuti sizinkapha. Gwedeza anapha nkhanga, anapha agwape, anapha nguluwe ziwiri mwezi umodzi. Akaphonya sankadandaula, popeza kathumba kanali kodzaza. Alenje ena ataona choncho anafunsana kuti, ife mbuzi zathu tikutayiranji? Mmodzimmodzi anasiya njira ya kwa Zingalume, mpaka njirayo inamera udzu. Chitsulo chabwino chomwe mkuluyo ankasungira zipolopolo anachisula makasu, chifukwa nayenso ankafuna kudya. Amayi pamtondo anapeka kanyimbo:

Zingalume, mbuzi zatha,
mlambe wakhuta, ife njala.

Gwedeza naye pamowa ankathira ndemanga. "Apongozi anga ndi achifundo," amvekere, "amadyetsa mlambe zipolopolo, wolipira chakudyacho n'kukhala iwe." Anthu ankafa nacho chiseko. Mawuwo anafika ku chipala, poti mawu a pamowa sagona panjira, koma mkuluyo anangopitiriza kusula. Nyundo yokha ndiyo inkalira, ngwee, ngwee. Mkamwini asamakule mwendo, ana inu, ndipo mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Inafika nyengo ya masika, udzu utatalika kupitirira munthu, mapira atawerama. M'mawa wina Gwedeza akuyendera munda anaona chinthu chakuda chikudya mapira. Inali njati yamphongo, nkhalamba yopirikitsidwa ndi zinzake, nyanga zake zotambalala ngati mikono ya munthu. Mlenje wanzeru akanabwerera kukaitana anzake. Koma Gwedeza anaganiza za nyama yodzaza mudzi wonse, anaganiza za dzina lake likuimbidwa, n'kukwawira kuseri kwa chulu. Analoza bwino, pambuyo pa phewa pomwe pali mtima. Anakhethemula. Kachibenthu ka mwendo wa mphika kaja kanatuluka kakuimba mluzu, kanayenda njira yake, n'kukalowa m'ntchafu ya kumbuyo.

Njati inabangula, n'kuthawira m'bango la pafupi ndi dooko, ikukoka mwendo.

M'mawa mwake mayi wina wachikulire, a Nangondo, anapita kukatunga madzi. Njati inatuluka m'bango n'kuwanyamula ndi nyanga. Anapulumuka chifukwa anagwera m'madzi akuya, koma nthiti zinathyoka, mwendo unathyoka, ndipo sanayendenso mowongoka mpaka imfa yawo. Kuyambira tsiku limenelo palibe mayi anayandikira dooko. Madzi ankakatunga kuchitsime cha kuphiri, kunyamuka m'mawa kubwera dzuwa lili pamutu.

Tsono alenje anali ndi mwambo wawo, ndipo mwambowo unalibe kuchonderera: wolasa ndiye wotsiriza. Ukavulaza nyama yolusa, woilondola ndiwe, woyang'anana nayo ndiwe. Anzako akhoza kukuperekeza, koma kutsogolo kumakhala iwe. Ukakana, mfuti yako ankaithyola pabwalo, ndipo ngati uli mkamwini ankakupatsa mphasa yako n'kukulozera njira ya kwanu, mkazi ndi ana n'kutsala. Mwatitha nthawi imeneyo anali ndi pakati, miyezi itapita kale. Mukuona pomwe anaima Gwedeza? Kutsogolo njati, kumbuyo njira ya kwawo.

Anakhala pakhonde n'kukhuthula kathumba kaja pa mphasa. Anayamba kusankha, kufuna chimodzi chomwe angachikhulupirire. Ichi chinali chachitali, icho chaphwatalala, china chokhala ndi nsonga. Zinalipo zoposa makumi atatu, koma panalibe ziwiri zofanana. Apo mantha anamugwira, mantha enieni.

Mwatitha anaima pakhomo akumuyang'ana. "Mukusankha chiyani pamenepo?"

"Chabwino."

"Mwachipeza?"

Gwedeza anapitiriza kutembenuza zibenthu zija.

"Pitani kwa bambo," anatero Mwatitha.

"Ndi nkhope iti? Zomwe ndinkayankhula pamowa anazimva."

"Anazimva, inde. Manyazi sapha munthu, bambo a kunyumba. Njati imapha. Ine sindifuna mwana uyu adzakudziweni pongomva anthu akuti atate ako anali aatali."

Gwedeza anamasula kambuzi kake kaja, komwe tsopano kanali mbuzi yaikulu ya bere, n'kuikoka kudutsa pakati pa mudzi, anthu akuona. Atafika ku chipala ananjuta, mutu uli pansi.

"Nyama yanji?" anafunsa Zingalume.

"Njati, bambo."

"Yomwe ija ya a Nangondo?"

"Yomweyo."

Mkuluyo anaika nyundo pansi. Anayang'ana pa ngodya pomwe kale ankasungapo chitsulo chabwino, anayang'ana mkamwini wake, kenaka anati, "Siyani mfuti. Masiku atatu."

"Anthu akuti ndipite mawa."

"Amene akufuna mawa apite okha. Mbuziyo mangani pa mtengo apo."

Anailandira mbuziyo, ana inu. Mudzi wonse unagwira pakamwa. Munthu wanji ameneyu, mwamuna wa mwana wake akupita kukakumana ndi imfa, iye n'kumawerengera mbuzi? Ngakhale Gwedeza, pobwerera chimanjamanja, anadziuza kuti mkuluyu mtima alibe, m'chifuwa mwake muli mwala wosulira.

Masiku atatu amenewo anali aatali kuposa chaka. Abale a a Nangondo ankabwera m'mawa uliwonse kudzakhala pabwalo la Gwedeza, osapereka moni. Amayi pobwera kuphiri ndi mitsuko ankadutsa dala pakhomo pake akudandaula za msana. Anyamata ankafunsana mokweza ngati mfuti ya mkamwini yadwala malungo. Munthu amene ankaseketsa anthu pamowa anasanduka choseketsa, ndipo anangomeza. Ku chipala utsi unkafuka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mkuluyo atatchinga khomo ndi mphasa. Koma kulira kunasintha. Sikunali ngwee, ngwee kwa masiku onse. Kunali thi, thi, thi, kulira kogontha ngati munthu akusinja mphale yonyowa. Gwedeza anakumva, koma mutu wake unali ku bango, sanakulabadire.

Tsiku lachitatu dzuwa litapendeka, Zingalume anamuitanira ku mlambe. Kabwalo ka makala kanali katajambulidwa kale. M'dzanja la mkuluyo munali zipolopolo zisanu ndi chimodzi, zobulungira, zakuda, zofanana ngati ana amapasa.

"Lero muwombe ndinu," anatero. "Lozani pakati."

Gwedeza anathira wonga ndi kamuyezo komwe anamupatsa, n'kuponyamo chipolopolo. Chinatsika m'mimba mwa mfuti mosagwedera, mosathina. Anawomba. Chinalowa kumanzere kwa kabwalo, kutalika kwa chikhato chimodzi.

"Ndaphonya," anatero mwamanyazi.

"Wombaninso. Pakati pomwepo."

Chachiwiri chinalowa pambali penipeni pa choyamba. Chachitatu chinalowa pakati pa ziwirizo, moti mabowo atatuwo ukanawaphimba ndi tsamba limodzi la mpoza.

"Mwaona?" anatero Zingalume. "Simunaphonye. Mfuti yanuyi ili ndi khosi, imayang'ana kumanzere. Yakhala choncho zaka zonse mwakhala nayo. Simunkadziwa chifukwa zija za m'kathumba chilichonse chimayenda njira yake, ichi uku, icho uko. Mukaphonya mungadziwe bwanji wolakwa, kaya ndinu, kaya ndi mfuti, kaya ndi chipolopolo? Izi zimayenda njira imodzi, ndiye zakuuzani zoona. Tsopano lozani chikhato chimodzi kumanja."

Gwedeza analoza kumanja, pomwe maso ake ankamuuza kuti ndi pachabe. Chachinayi chinalowa pakati pa kabwalo. Chachisanu chinalowa pomwepo, moti chinagunda chinzake. Tsitsi linamuyimirira. Zaka zonsezo ankadzitcha mlenje, koma mfuti yake anaidziwa tsiku limenelo.

Kenaka mkuluyo anamuikira m'dzanja chotsalacho.

"Chimodzi, bambo? Ena mumawapatsa zisanu."

"Njati idzakupatsani nthawi ya zingati?"

Gwedeza anafumbata chipolopolocho.

"Mverani tsono. Wonga uwu musauthire kunyumba. Mame a masika ali ngati mvula, mukathire mukafika pa bango, ndipo pomwe pamalowera moto muphimbe ndi kachikopa aka. Njati ikamabwera imatukula mphuno. Musawombe pachipumi, pamenepo ndi pamwala. Lozani pansi pa chibwano, pomwe khosi limakumana ndi chifuwa, n'kusuntha chikhato chimodzi kumanja. Ndipo musafulumire. Muidikire mpaka muone ntchentche za m'maso mwake."

Anatembenuka n'kumapita, osanena ngakhale kuti muyende bwino.

M'mawa kutangoyera Gwedeza ananyamuka ndi alenje awiri omuperekeza. Awiriwo anali atathira kale mfuti zawo kunyumba, wonga ndi zibenthu za kwa Kamphinda, ndipo anayenda nazo mu udzu wonyowa mpaka m'khosi. Atafika m'mphepete mwa bango, Gwedeza anagwada, n'kumatula phula pa nyanga, n'kuthira wonga wouma, n'kutsitsa chipolopolo chake chimodzicho. Anzakewo ankamufulumizitsa ndi maso. Iye anatsindira modekha, monga anamuonetsera.

Analowa m'bango akutsata magazi ouma ndi mapazi a mwendo wokoka. Fungo la bala lowola linawapeza asanaone kanthu. Kenaka timbalame tija timatola nkhupakupa pamsana pa njati tinauluka patsogolo pawo, ndipo bango linayamba kuthyoka.

Inatuluka, ana inu. Inatuluka yakuda bii, matope ali thupi lonse, mphuno ili m'mwamba, mwendo wovulala uja itauiwala. Mlenje wa kumanzere anakhethemula, mfuti n'kungoti fwee, kautsi koyera, wonga utanyowa. Anaitaya n'kukwera mtengo. Wa kumanja anawomba, mfuti inalira ndithu, koma chibenthu chinakadula bango uko, iye n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Anatsala Gwedeza yekha, bondo limodzi pansi.

Kodi mukuganiza kuti sanafune kuthawa? Anafuna. Miyendo inkamuuza kuti thawa, chala chinkamuuza kuti womba tsopano, maso ankamuuza kuti loza pakati penipeni. Zonse za m'thupi mwake zinkamunamiza. Choona chinali chimodzi chokha, mabowo asanu aja a pa mlambe. Nthaka inkagwedezeka. Anaona nyanga, anaona thovu pakamwa, anadikira. Anaona maso ofiira, anadikirabe. Kenaka anaziona ntchentche, zitaunjikana pa ngodya ya diso. Analoza pansi pa chibwano, n'kusuntha chikhato chimodzi kumanja, pomwe pankaoneka ngati waphonya kale, n'kukhethemula.

Utsi unamuphimba, sanaone kanthu. Anangomva chinthu cholemera chikugwa, chikukhwekhwereka m'matope, chikubwerabe. Utsi utabalalika, mphuno ya njati inali itagunda phazi lake. Inapuma kamodzi, mpweya wotentha n'kumuwomba pa mwendo, basi osapumanso.

Gwedeza anakhala pansi pomwepo, n'kulira ngati mwana. Ena amati nsalu yake inali yonyowa. Ife a mtundu wake timati anali mame.

Mudzi wonse unatsikira ku dooko ndi mipeni ndi malichero. Posenda, Gwedeza anafunafuna mpaka anachipeza chipolopolo chija. Chinali chitathyola fupa la pachifuwa, n'kuboola mtima, n'kukaima pafupi ndi msana, ndipo chinali chikadali chobulungira, chopanda mng'alu. Anachitsuka mu mtsinje. Nyama yoyamba anatumiza kwa a Nangondo, kenaka anasenza mwendo wathunthu n'kulunjika ku chipala, chifukwa mkuluyo ku dooko sanabwere.

Mphasa ija inali itachotsedwa pakhomo. Anamupeza Zingalume atawerama, akusula khasu la munthu. Thi, thi, thi. M'dzanja lake munali mwala wa mumtsinje. Zala zake zinali zotupa, zikhadabo ziwiri zitada, pachikhato pali matuza ophulika.

Gwedeza anatula nyama ija pansi. Anayang'ana pa chitsa pomwe nyundo inkagona masiku onse. Panalibe kanthu.

"Apongozi, nyundo ili kuti?"

Mkuluyo anamenyanso kawiri asanayankhe. "Zinayi zili m'phalemo. Zisanu zili mu mlambe. Chimodzi chili m'dzanja lanulo. Chotsala anadya ndi moto."

Gwedeza anatambasula dzanja n'kuyang'ana kachitsulo kaja ngati akukaona koyamba.

"Chitsulo chabwino chinatha," anapitiriza Zingalume, osamuyang'ana. "Ng'anjo yosungunulira chitsulo siyatsidwa mpaka chilimwe, ndipo njati sikanadikira chilimwe. Zidutswa za makasu zili ndi ming'alu mkati, zikagunda fupa zimamwazika. Panyumba pano chitsulo chopanda bodza chinali chimodzi."

"Koma bambo, nyundo ya malume anu. Mbuzi khumi sizingagule."

"Sindinakufunseni mbuzi khumi. Mtengo ndi mbuzi imodzi, kwa aliyense." Anabwezera khasu pamoto. "Mwana ali m'mimbayo adzafuna atate. Nyundo sangaiyitane kuti atate. Mwangoima pamenepo bwanji? Moto ukuzima."

Gwedeza, munthu wa pakamwa posatseka uja, anatsamiritsa mfuti pa khoma, n'kugwada, n'kugwira mivukuto. Anavukuta mpaka dzuwa kulowa, misozi ikugwera pa chikopa cha mvukuto.

Mukufuna kufunsa ngati mbuzi ija anabweza. Sanabweze. Anali Zingalume ameneyo. Mbuziyo inaswa ana awiri m'khola mwake, ndipo sanapepese kwa munthu. Chilimwe chitafika, iye ndi mkamwini wake anayatsa ng'anjo n'kusula nyundo ina, koma okalamba omwe anamva zonse ziwiri ankati yatsopanoyo sinkalira ngati yoyamba, ndipo kutsidya kwa Linthipe sinkamveka. Alenje anabwerera kwa iye, ngakhale si onse ndipo si masiku onse. Pofuna nkhanga ankapitabe kwa Kamphinda, Gwedeza yemwe ankapita, ndipo Zingalume ankati akuchita bwino. Kanyimbo ka pamtondo kaja kokha ndi komwe kanafa.

Mwana uja anabadwa wamkazi, ndipo anakula atate ake akumuona. Atabadwanso ena asanu pambuyo pake, wotsiriza anali mayi wa agogo anga. Werengani nokha kuti pabwalo pano akanatsala ndani chikhala kuti chipolopolo chija chinali ndi mng'alu.

Ndi chifukwa chake kwathu kuno, munthu akamadandaula kuti chinthu chadula, timamufunsa mafunso awiri. Loyamba: kodi wafunsa za mu mlambe? Chinthu chabwino sulipira chokhacho chomwe wagwira m'dzanja. Umalipiranso zomwe mmisiri anataya m'phale, zomwe anayesera pa mtengo, ndi masiku omwe anakhala akupera iwe uli kunyumba. Ndipo wodulitsa amene alibe phale, alibe mlambe, ameneyo akungokudyera mbuzi, umusiye. Lachiwiri: ukukapha nkhanga kapena njati? Ngati ndi nkhanga, sunga mbuzi yako, Zingalume yemwe angakuseke. Koma ngati ndi chinthu chomwe chidzakupatsa mpata umodzi wokha, usawerenge kuchuluka kwa za m'kathumba.

Tsono iwe Yotamu, ndamva kuti dzulo unagula belu lokongola la njinga yako ya kabaza, lodula ndithu, koma mabuleki unatenga otchipa aja a pamphasa. Belu ndi nkhanga, mdzukulu wanga. Chitunda cha kumsika chija, utanyamula mayi ndi mwana kumbuyo, ndiye njati.

Tambasula dzanja. Ichi chomwe ndakuikirachi chakhala m'kathumba aka kuyambira kwa agogo anga. Ukuona kubulungira kwake? Ukumva kulemera kwake? Imeneyo ndi nyundo ya Zingalume. Ugone nacho lero, mawa undibwezere ukamachokera kogula mabuleki.